Kodi Mumadziwa? Juzi ya pa Salaula ndi Phiko la Ndege Ndi Pachibale

Kodi mumadziwa kuti juzi ya acrylic yogulidwa pa salaula m'komboni ya Lilanda ku Zambia ndi phiko la ndege ya Boeing 787 zinayambira ku mankhwala amodzi? Tembenuzani juziyo muwerenge kansalu ka pakhosi kapena m'mbali. Ngati palembedwa 100% acrylic, ndiye kuti ulusi wake si ubweya wa nkhosa ndiponso si thonje. Ndi pulasitiki yotchedwa polyacrylonitrile, mwachidule PAN. Pa makilogalamu 10 aliwonse a ulusi wa kaboni, kapena kuti carbon fibre, pafupifupi 9 amachokera ku PAN yomweyo, yootchedwa m'ng'anjo. Wulu wambiri umene amayi amalukira majuzi a sukulu, zipewa ndi timasokosi ta makanda chisanu cha Juni chikayandikira ndi wa mtundu womwewu.

Kodi mumadziwa kuti PAN sailima ndipo saikumba? Amayamba ndi madzi oopsa otchedwa acrylonitrile, amene amapangidwa pophatikiza propylene wa ku mafuta a pansi pa nthaka, ammonia ndi mpweya wamba. Njira yotchipa yopangira madzi amenewa inatulukiridwa ndi kampani ya Sohio ku America, ndipo fakitale yake yoyamba inatsegulidwa ku Lima, m'chigawo cha Ohio, mu 1960. Kampani ya DuPont inali itayamba kale kugulitsa ulusi wa acrylic mu 1950, pa dzina lakuti Orlon.

Kodi mumadziwa kuti tsitsi lina limene amaluka m'masaluni a ku Lilanda, George ndi Matero nalonso ndi la m'banja lomweli? Ulusi umatchedwa acrylic ngati acrylonitrile wake wafika magawo 85 pa 100 kapena kuposa. Ukakhala pakati pa magawo 35 ndi 85 umatchedwa modacrylic, ndipo Kanekalon, ulusi wa tsitsi umene kampani ya Kaneka ya ku Japan inayamba kupanga mu 1957, ndi wa gulu limeneli. Si tsitsi lonse la m'mapaketi limene lili lotero, lina ndi la mapulasitiki ena otchipa. Koma achemwali oluka tsitsi akamaviika nsonga m'madzi otentha kuti zisamasuke kapena kuti zipotane, akugwiritsa ntchito khalidwe limene a fakitale amalidaliranso: ulusiwu ukamva madzi otentha umafewa n'kulola kuumbidwa, ukazizira n'kukhala momwemo.

Kodi mumadziwa kuti PAN sisungunuka pa moto? Polyester ndi nayiloni amazitenthetsa mpaka zitasungunuka, kenako n'kuzifinya kuti zituluke ulusi. PAN ukaitenthetsa imayamba kupsa ndi kusintha isanafike posungunuka. Choncho amaisungunulira m'mankhwala amphamvu monga DMSO, DMF, DMAc kapena madzi a mchere wa sodium thiocyanate, n'kupanga phala lonanda limene magawo 15 mpaka 25 pa 100 ndi PAN. Phalalo amalisefa, amalichotsa thovu, kenako amalikankha kudutsa pa kachitsulo kotchedwa spinneret kokhala ndi timabowo masauzande, kalikonse kopyapyala mofanana ndi tsitsi la munthu kapena kucheperapo. Palibe kupotokola monga achitira ndi thonje. Kabowo kalikonse kamatulutsa kaulusi kamodzi kosaduka, kotalika makilomita. Mukamva 3K, 12K kapena 50K, akunena kuchuluka kwa tiulusi mu mtolo umodzi: 3,000, 12,000 kapena 50,000.

Tsopano tifike pamene pagona nkhani.

Kodi mumadziwa kuti mphamvu ya ulusi wa kaboni imayamba kuweruzidwa m'thanki ya madzi, moto usanayatsidwe n'komwe? Phala lija likangotuluka pa timabowo limagwera m'thanki ya madzi osakaniza ndi mankhwala omwe aja osungunulira. PAN sigwirizana ndi madzi. Madzi akamalowa m'kaulusi, mankhwala akutuluka, phala limagwirana n'kusanduka ulusi. Zonsezi zimachitika m'timasekondi, koma liwiro la kulowa ndi kutulukako ndi limene limanena ngati ulusiwo udzanyamule ndege kapena udzaduke msanga.

Aliyense amene anakazingapo vitumbuwa amadziwa zimene mafuta otentha kwambiri amachita: kunja kumapsa msanga n'kuuma, m'kati mukadali mwamuwisi. Ulusi nawo ukagwera m'thanki ya madzi ochuluka, mankhwala ochepa, khungu lake limauma nthawi yomweyo pamene m'kati mukadali phala. Khungu louma lija limatsekereza njira, m'katimo mumagwirana mochedwa ndiponso mosalongosoka, ndipo mumatsala mphako zazitali zooneka ngati zala. Mphakozo maso sangazione. Pa juzi sizivuta kwenikweni. Koma ulusi wa kaboni supindika n'kubwerera monga chitsulo, umathyoka mwadzidzidzi, ndipo umathyokera pamene pali chilema chachikulu kuposa zonse. Kamphako kamodzi kokha kangathe kugwetsa mphamvu ya kaulusi konse.

N'chifukwa chake opanga ulusi wa ndege amachedwetsa dala kugwiranako. Amachulukitsa mankhwala m'thanki kuti kusiyana kwa m'kati ndi kunja kwa ulusi kuchepe, ndiponso amaziziritsa madziwo. Thanki yozizira imatulutsa ulusi wothinana, wa timphako tochepa ndi tating'ono. Koma pali msampha wake. Nthawi zambiri m'madzi ozizira mankhwala amatuluka ochuluka kuposa madzi olowa, m'kati mumaphwa, khungu n'kukwinyika, ndipo ulusi ukaudula n'kuuona pa maikulosikopu umaoneka ngati nyemba m'malo mwa bwalo. Ukatenthetsa thanki ulusi umabwerera kukhala wozungulira, koma mphako zimabweranso. Ukachulukitsa mankhwala mopitirira, ulusi umachedwa kulimba ndipo tiulusi timamatana. Ukalimbitsa kwambiri phala, mphako zimachepa koma phalalo limakana kudutsa pa timabowo. Palibe chinthu chimodzi chimene ungasinthe osakhudza chinzake. Kwa ine luso lenileni la ntchitoyi lili apa, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti anthu amatama ng'anjo n'kuiwala munthu amene amayang'anira thanki usiku wonse.

Kodi mumadziwa kuti kampata ka mpweya ka mamilimita ochepa kanasintha ntchito yonseyi? Pa njira yakale, spinneret imamizidwa m'madzi. Pa njira yotchedwa dry-jet wet spinning, imakhala pamwamba pang'ono, ndipo phala limayamba ladutsa mumpweya lisanagwere m'thanki. M'kampatako phala limakokedwa likadali lofewa, limatuluka lotentha n'kugwera m'madzi ozizira, ndipo makina amatha kuthamanga kwambiri. Ulusi wake umakhala wosalala ndi wothinana. Ulusi wa T300 wa kampani ya Toray, wopangidwa pa njira yakale ija, uli ndi timizere m'litali mwake ndipo mtolo wokhuthala sikweya milimita imodzi umanyamula pafupifupi makilogalamu 360. T700, wodutsa m'kampata ka mpweya, ndi wosalala ndipo umanyamula pafupifupi makilogalamu 500. T1100 wa masiku ano umapitirira 700. Chitsulo chomangira nyumba cha kukhuthala komweko chimaduka chisanafike makilogalamu 70, chikhalirecho n'cholemera kanayi kuposa ulusiwo. Komabe timizere ta njira yakale sitinali topanda ntchito: timathandiza guluu wa resin kugwira ulusi, ndipo T300 ikugulitsidwabe mpaka lero.

Kodi mumadziwa kuti ulusi wongotuluka m'thanki ndi wofooka moti sungagwire ntchito iliyonse? Mamolekyu a PAN ndi ataliatali, ndipo poyamba amakhala atapiringizana. Kuti ulusi ulimbe ayenera kugona moyang'ana mbali imodzi, m'litali mwa ulusi. Ndiye amautsuka kuchotsa mankhwala otsala, amaukoka m'madzi otentha, amauumitsa pa zitsulo zotentha kuti timphako titsekeke, kenako amaukokanso mu nthunzi ya mphamvu. Pamapeto umakhala utatalika ka 10 kapena kuposa. Ukaukoka pang'ono, ulusi wa kaboni umatuluka wofewa, wosauma. Ukaukoka mopitirira, tiulusi timang'aluka m'kati, tina timaduka, mtolo n'kuchita manyunyu. Kukokako kumaupyapyalitsanso mpaka pafupifupi ma micrometre 10 kapena 12, ndipo zimenezi n'zofunika chifukwa ulusi wonenepa supsa mofanana m'kati ndi kunja. Ukadzatha kuotchedwa umatsala ma micrometre 5 mpaka 7. Tsitsi la munthu ndi lonenepa pafupifupi ka 10 kuposa pamenepo.

Kodi mumadziwa kuti fumbi ndi mdani wamkulu? Mu 1974 akatswiri awiri a ku Farnborough ku England, Moreton ndi Watt, anasonyeza kuti kusefa bwino phala ndi kupanga ulusi m'chipinda chopanda fumbi kumatulutsa ulusi wa kaboni wamphamvu kwambiri. Kachitsotso kakatsekeredwa m'kati, pa moto kamadya kaboni wozungulira n'kusiya bowo. Inu amene mumasesa m'nyumba kawiri patsiku mphepo ya Ogasiti ikayamba mukuona nokha kukula kwa ntchito yosunga fakitale yathunthu yopanda fumbi.

Ngakhale mafuta opaka ulusi ali ndi mbali yake. Amaupaka mafuta a silicone kuti tiulusi tisamatane pa moto woyamba. Tiwiri tikamatana, malo omatanawo amasanduka chilema.

Kodi mumadziwa kuti moto woyamba ndi wofatsa kuposa wa mbaula? Ulusi wa PAN uja, umene ndi woyera, amaudutsa m'mauvuni a mpweya wamba pa madigiri 200 mpaka 300, uli chikokereni, kwa ola limodzi kapena awiri. Umasintha kuchoka koyera kupita kwachikasu, kofiirira, mpaka bii. Apa mamolekyu amalumikizana mwatsopano moti ulusi sungasungunukenso. Vuto n'lakuti PAN ikayamba kusintha imatulutsa kutentha kwakekwake, ndipo ikapanda kuyang'aniridwa mtolo wonse umayaka. Pofuna kuifatsitsa, amasakanizamo pang'ono itaconic acid ndi methyl acrylate kalekale popanga PAN. Moto wachiwiri ndi wa madigiri 1,000 mpaka 1,500, m'ng'anjo yodzaza ndi nitrogen, mopanda oxygen, apo ayi ulusi ukanapsa n'kutha. Zonse zimene si kaboni zimauluka, ndipo chotsala ndi kaboni woposa magawo 90 pa 100, kaboni yemweyo amene ali m'makala. Ofuna ulusi wouma gwa amaupititsa pa moto wachitatu wofika madigiri 2,000 mpaka 3,000. Makilogalamu awiri a PAN amatulutsa pafupifupi kilogalamu imodzi yokha. Ndipo moto sukonza chilichonse. Mphako ya m'thanki, kachitsotso ka m'phala, mamolekyu osagona bwino, zonse zimatuluka nazo kutsidya.

Kodi mumadziwa kuti utsi wa acrylic uli ndi poizoni? Mwa mipweya imene imauluka PAN ikamapsa muli hydrogen cyanide. M'mafakitale mpweyawu amauwotchanso m'ng'anjo ina kuti uwonongeke usanatuluke panja. M'komboni mulibe ng'anjo yotero. Choncho majuzi akutha, mabulangete a acrylic ndi tsitsi lomasulidwa kumutu zisaponyedwe pa mbaula kapena pa moto wa zinyalala pamene ana akusewera pafupi, makamaka m'nyumba yotseka mawindo. Tsitsi lina la modacrylic lili ndi chlorine, ndipo utsi wake umapweteka m'maso ndi m'chifuwa. Chonde amayi ndi abambo, apa tisamale.

Kodi mumadziwa kuti ulusi wa kaboni woyamba kutchuka unali wa thonje? Mu 1879 Thomas Edison anaotcha ulusi wa thonje mopanda mpweya n'kuuika m'babu la magetsi. Unawala, koma unali wosalimba, ndipo pambuyo pake anasinthira ku nsungwi. Thonje ndi rayon zikaotchedwa zimasiya kaboni wochepa kwambiri poyerekeza ndi PAN. Mu 1958 Roger Bacon wa kampani ya Union Carbide ku Parma, Ohio, anapanga tiulusi ta graphite tamphamvu zodabwitsa, koma pa mtengo wosatheka. Amene analoza njira ya PAN anali Akio Shindo wa ku Osaka, mu 1959. Kenako mu 1963 William Watt, Leslie Phillips ndi William Johnson a ku Royal Aircraft Establishment ku Farnborough anaonetsa kuti ulusi uyenera kukhala wokokedwa pa moto woyamba uja kuti mamolekyu asabwerere kopiringizana. Toray inayamba kugulitsa ulusi wake wa kaboni mu 1971.

Kodi mumadziwa kuti ulusiwu unathandiza kugwetsa Rolls-Royce? Kampaniyo inapanga mapeni a kutsogolo kwa injini ya ndege ya RB211 ndi ulusi wa kaboni, n'kuwatcha Hyfil. Mu 1970 anawayesa powaponyera mbalame yakufa pa liwiro lalikulu, monga zimachitikira ndege ikagundana ndi mbalame, ndipo mapeniwo anaphwanyika. Anabwerera ku chitsulo cha titanium, ndalama zinatha, ndipo mu 1971 boma la Britain linatenga kampaniyo. Ulusi ndi wamphamvu poukoka m'litali, koma kumenyedwa cham'mbali ndi nkhani ina, ndipo panapita zaka kuti akatswiri aphunzire kuyala ulusi mopingasa.

Lero theka la kulemera kwa Boeing 787 ndi zinthu zosakaniza monga ulusi wa kaboni womatidwa ndi resin, ndipo pa Airbus A350 ndi magawo 53 pa 100. Ethiopian Airlines, imene imatera pa bwalo la Kenneth Kaunda, inali yoyamba mu Africa kulandira 787, mu 2012. McLaren inabweretsa galimoto ya mpikisano ya thupi la ulusi wa kaboni mu 1981. Nsapato zimene Eliud Kipchoge anathamangira marathon mu maola 1:59:40 ku Vienna pa 12 Okutobala 2019 zinali ndi kaboni m'kati mwa soli. Ulusiwu uli m'miyendo yopangira anthu odulidwa mwendo, m'njinga za mpikisano, m'mitengo ya mbedza ndi m'mapiko a makina opanga magetsi ndi mphepo. Koma chenjerani ndi timakava ta foni ndi zomata pa galimoto za timabokosi takuda zogulitsidwa m'tauni: zambiri ndi pulasitiki wamba wojambulidwa.

Kodi mumadziwa kuti ulusi wa kaboni suchokera ku mgodi wa graphite? Ku Balama m'chigawo cha Cabo Delgado ku Mozambique kuli mgodi waukulu wa graphite, ndipo ku Malingunde ndi Kasiya kufupi ndi Lilongwe graphite anapezekanso. Ameneyo ndi wa mabatire, mapensulo ndi ng'anjo zosungunulira zitsulo. Sungamusandutse ulusi. Kaboni wa mu ulusi amabadwira mu ulusi momwemo, pa moto. Kagawo kochepa kosachokera ku PAN kamachokera ku phula la mafuta kapena la malasha, ndi ku rayon.

Kodi mumadziwa kuti manambala a m'thanki ija ndi chinsinsi? Kutentha kwa madzi, kuchuluka kwa mankhwala, kakokedwe ndi mtundu wa mafuta opaka, makampani monga Toray, Teijin, Mitsubishi Chemical ndi Hexcel saulula. Ng'anjo munthu angagule, koma ulusi woyera wabwino ndi wovuta kuupeza, ndipo umadya pafupifupi theka la ndalama zonse zopangira ulusi wa kaboni. Ulusi wa kaboni wamphamvu kwambiri sugulitsidwanso kunja popanda chilolezo cha boma, chifukwa umalowa m'mizinga ndi m'makina oyengera uranium.

Kodi mumadziwa kuti mafakitale ena a ulusi wa kaboni anayamba ndi ulusi wa majuzi? Mu 1995 kampani ya Zoltek ya ku America inagula fakitale ya acrylic ku Nyergesújfalu ku Hungary n'kuisandutsa yopanga mitolo ikuluikulu ya 50K, yotchipa, yopita ku mapiko a makina a mphepo. Toray inagula Zoltek mu 2014. Ku Yalova ku Turkey, kampani ya Aksa, imodzi mwa zazikulu kwambiri pa ulusi wa acrylic, inayamba ulusi wa kaboni mu 2009 ndipo mu 2012 inagwirizana ndi Dow kupanga DowAksa. Ku Oak Ridge, Tennessee, akatswiri analengeza mu 2016 njira yosandutsira ulusi wa acrylic wa zovala kukhala ulusi wa kaboni wotchipa woyenera magalimoto. Ulusi wa zovala suuyeretsa kwambiri, uli ndi zosakaniza zambiri zothandiza utoto kugwira, ndipo sufika mphamvu ya wa ndege. Koma manja amene anazolowera phala, spinneret ndi thanki pa ulusi wamba ndi omwe anakwanitsa ntchito yapamwambayo.

Kodi mumadziwa kuti kwathu kuno kupota ulusi si kwachilendo? David Livingstone atafika m'chigwa cha Shire mu 1859 anapeza Amang'anja akulima thonje, akupota ulusi ndi kuomba nsalu zawo za machila m'midzi yambiri. Dziko la Zambia litalandira ufulu kunabwera Kafue Textiles, ndipo ku Kabwe kunamangidwa Mulungushi Textiles mothandizidwa ndi dziko la China. Mafakitalewo anaphunzitsa anthu kuyang'anira makina a ulusi usana ndi usiku. Kenako misika inatseguka m'zaka za m'ma 1990, nsalu zotchipa zakunja ndi mabelo a salaula zinadzaza msika wa Soweto ndi misika ya m'makomboni, ndipo makina a ku Mulungushi anaima mu 2007 n'kukhala zii kwa zaka zambiri. Salaula yaveka mabanja ambiri ndipo yadyetsa ana ambiri, sindiinyoza. Chimene chimandiwawa n'chakuti thonje lambiri la alimi a ku Chipata, Katete, Petauke ndi Lundazi limatuluka m'dziko litangochotsedwa njere, osapotedwa, ndipo amisiri amene ankadziwa ulusi akukalamba opanda owasiyira luso.

Ku Zambia kulibe fakitale ya ulusi wa kaboni, ndipo sindikunena kuti imangidwe mawa. Ku Hungary ndi ku Turkey anayamba ndi ulusi wamba, n'kusunga anthu odziwa ntchito kwa zaka makumi angapo. A boma ndi eni ndalama amene amakamba zodzutsa mafakitale a nsalu ayambe ndi kupota thonje lathu konkuno, ndipo aitane amisiri akale a ku Kabwe ndi Kafue adzaphunzitse achinyamata akadali ndi mphamvu. Inu ana a ku Lilanda amene mukuphunzira ku Matero Boys ndi Matero Girls, musathawe Chemistry ndi Physics. Maphunziro a chemical engineering alipo ku Copperbelt University ku Kitwe.